Phala la m'sitolo kapena la pa mbaula: mlandu uli pati?

Nyachirwa, woyang'anira gulu: Mwaswera bwanji nonse. Funso ili lafika kumbali kangapo kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, ndiye ndati lifike pano tikambirane poyera. Mayi amachoka ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu mamawa kupita ku ntchito kapena ku geni, mwana wa miyezi 7 watsala ndi womulera, ndipo chakudya chomwe wamusiyira ndi Cerelac kapena kabotolo ka Purity. Akafika madzulo apongozi kapena aneba amuuza kuti ndi ulesi, mwana akudya za m'mapaketi ngati alibe mayi. Iyeyo usiku sagona, akudziimba mlandu. Anesi, alangizi ndi agogo muli muno, tiuzeni: pali cholakwika chenicheni kapena ayi? Chonde tiyankhe ndi mfundo, osati kunyozana.

Nesi Nyakaunda: Zikomo a Nyachirwa. Ndiyambe ndi ichi: ana ambiri omwe amatsika pa sikelo sanalawepo Cerelac. Amadya phala la pakhomo, lophikidwa ndi mayi awo enieni, koma ndi ufa woyera, madzi ndi shuga basi, lamadzimadzi loti mwana angomwa. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, 8 okha pa 100 ndiwo ankadya mokwanira ndi mwakasinthasintha. Ana amenewa ambiri ndi a pa mbaula, si a m'sitolo.

Thupi la mwana silifunsa kuti chakudya chachokera kuti. Limafunsa zinthu zinayi. Kodi ndi cholimba mokwanira kuti chimupatse mphamvu m'kamimba kake kakang'ono? Kodi muli ayironi ndi chanyama? Kodi ndi chaukhondo? Kodi akulandira kangati pa tsiku? Mwana amabadwa ndi ayironi wosungidwa m'thupi, koma pofika miyezi 6 nkhokweyo yatsala pang'ono kutha, ndipo mkaka wa m'mawere ulibe ayironi wambiri. Phala la ana la m'sitolo anathiramo kale ayironi, zinki ndi mavitamini. Pa mbali imeneyo limaposa phala la ufa woyera kutalitali. Choncho mayi amene wasiya phala la m'paketi, lokonzedwa monga alembera, sanamulakwire mwana. Mavuto ake alipo, tiwatchula, koma si mlandu wosagonera tulo.

Mayi a Tawonga: A nesi, ndamva, koma musaliyeretse kwambiri phala la m'sitololi. Lotsekemera lija si shuga? Ndipo mtengo wake ndi woti banja la ku Masasa lingakwanitse mwezi wonse? Mwana akazolowera zimenezi nsima amaithawa.

Nesi Nyakaunda: Zonse zitatu mwatchulazo ndi zoona, mayi a Tawonga. Ndangoti si chiphe.

Bambo a Wongani: Pa shugayo ndithandizeko, chifukwa ndi nkhani yowerenga paketi. Mu April 2024 bungwe la ku Switzerland la Public Eye limodzi ndi IBFAN, gulu la mabungwe olimbikitsa kuyamwitsa, anatulutsa lipoti loti Cerelac wogulitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Latin America anali ndi shuga wothiramo pafupifupi magalamu 4 pa chakudya chimodzi, pamene wa ku Germany ndi ku Britain analibe. Magalamu 4 ndi supuni yaing'ono imodzi. Malangizo a 2023 a WHO, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, amati mwana wosakwana zaka ziwiri asapatsidwe zakudya zothira shuga wambiri.

Ndiye m'sitolo musayang'ane chithunzi cha mwana wonenepa kutsogolo, tembenuzani paketi. Pomwe alemba ingredients, zinthu amazindandalika kuyambira chochuluka kupita ku chochepa. Mukaona sugar, sucrose, glucose syrup, honey kapena fruit juice concentrate pa nambala yachiwiri kapena yachitatu, bwezani pa shelefu ndipo tengani lina lolembedwa kuti no added sugar. Alipo, makamaka aja opanda kakomedwe ka zipatso. Onaninso miyezi yomwe alemba, tsiku lotha ntchito, ndiponso ngati paketi siinabooke. Za kuno kwathu zikhale ndi chizindikiro cha MBS, bungwe la boma loona ubwino wa katundu.

Koma tinenenso chilungamo. Amene akudzudzula shuga wa mu Cerelac ndi omwewo amathira masupuni awiri akuluakulu a shuga m'phala la mgaiwa kuti mwana alandire. Amenewo apitirira kale wa m'paketi uja kangapo.

Nyagondwe: Vuto lalikulu la phala logula kuno si shuga, ndi kutalikitsa. Tiwerengere limodzi. Ngati bokosi ndi la magalamu 250 ndipo alemba kuti chakudya chimodzi ndi magalamu 50, ndiye kuti bokosilo ndi la maulendo asanu okha. Mwana wodya kawiri pa tsiku alimaliza pa tsiku lachitatu. Poona mtengo, womulera amauzidwa kuti bokosi lifike Loweruka, ndiye amathira kasupuni kamodzi m'kapu yodzaza madzi. Mwana wakhuta madzi otsekemera, ayironi amene munalipira uja walandira kagawo kochepa chabe. Ena amabowola nsonga ya botolo kuti phalalo lituluke, mwana azingoyamwa atagona. Kumeneko ndiye kulakwitsa kawiri: ndi lamadzi, komanso akhoza kutsamwa.

Ngati ndalama sizikukwana kupatsa mwana muyezo wolembedwawo, kuli bwino kugula bokosi limodzi loti lizigwira ntchito masiku ovuta okha, monga pa ulendo wa ku Lilongwe, pa maliro kapena tsiku loti magetsi azima ndipo makala atha. Masiku enawo phala la pakhomo lolemeretsa. Likuni Phala ya m'sitolo ilinso pakati: ndi chimanga ndi soya zothira mavitamini, yotsikirako mtengo, kungoti imafuna kuphika.

Mayi a Chimwemwe: Ndifunseko, ena amati thirani madzi, ena amati thirani mkaka. Cholondola n'chiti?

Nyagondwe: Zimatengera paketi, amayi. Pali mitundu iwiri. Wina ali kale ndi mkaka wa ufa mkati, amenewo mumathira madzi owiritsa amene azizira n'kukhala ofunda. Wina alibe mkaka, alemba kuti add milk, ndipo mumathira mkaka wa m'mawere wofinya kapena mkaka umene mwana akumwa kale. Mukathira madzi okha mu wopanda mkaka, mapuloteni ndi mafuta zimaperewera. Cremora si mkaka, ndi zoyeretsera tiyi, asalowe m'mbale ya mwana. Ndipo phala lotere saphikanso pamoto, mumangosakaniza n'kudyetsa nthawi yomweyo. Lotsala m'mbale ndi lotaya chifukwa malovu alowamo kudzera pa supuni.

Mlangizi Nyamsiska: Kwa amene akufuna za pakhomo koma nthawi alibe, chinsinsi ndi kukonza ufa kamodzi pa mwezi, kuti m'mawa kungotsala kuphika mphindi 15. Muyezo ndi uja wa Likuni Phala: makapu anayi a chimanga pa kapu imodzi ya soya. Chimanga chikhale chosakonola, cha mgaiwa, chopetedwa bwino, chopanda njere zowola ndi zofumbwa.

Soya ndiye amene ambiri amamulakwitsa. Soya wosaphika ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndiye mukamugayitsa wamuwisi mwana amatupa m'mimba, phala limanunkha chiwisi ndipo amalikana. Chitani chonchi. Sankhani soya, chotsani miyala. Musamunyike m'madzi ozizira, fungo loipa lija limayambira pamenepo. Wiritsani madzi kaye, akabwata muzithira soya pang'onopang'ono kuti kubwata kusaleke, ndipo abwate mphindi 30. Tsanulani, tikitani ndi manja m'madzi kuti makoko achoke, yanikani pa thandala mpaka wauma gwa, woti mukaluma akuthetheka. Kuno ku Mzuzu dzuwa ndi losadalirika, mvula ya mawawa ikhoza kugwa masiku atatu, ndiye ngati sanaume bwino mukazingeni pang'ono pa chiwaya musanapite kuchigayo. Ufa wa soya wachinyezi umachita chuku sabata isanathe. Mukagayitsa, uyanikeni ufawo uzizire, sefani, sungani m'ndowa yotseka bwino, osati m'jumbo pansi pa simenti.

Nsinjiro musagayitsire pamodzi ndi ufa wa mwezi wonse. Mtedza uli ndi mafuta ambiri ndipo ufa umayamba kununkha msanga. Sinjani ya masiku atatu kapena anayi, muzithira pophika.

Kuphika kwake: masupuni akuluakulu atatu a ufa, sungunulani m'madzi ozizira pang'ono, thirani m'kapu imodzi ndi theka ya madzi otentha, takasani, libwate mphindi 10 mpaka 15. Kenako supuni yaikulu imodzi ya nsinjiro ipsere momwemo, kapena supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Mafuta a m'sitolo ovomerezeka ali ndi vitamini A. Pamwamba pa apo onjezani chimodzi cha izi, kusinthasintha masiku: dzira lomenya lipsere m'phalamo, supuni yaing'ono ya ufa wa usipa, nkhwani kapena bonongwe wophika wosinja, nthochi yakupsa kapena peyala lonyenya mutaphula. Muyeso wa kulimba: tungani ndi supuni n'kuipendeketsa. Likathamanga ngati tiyi, ndi lamadzi. Liyenera kukakamira kaye n'kugwa mwaulesi.

Agogo a Vitumbiko: A Nyamsiska mwafotokoza bwino, ana anga amve. Ndiwonjezere pa mtedza. Mtedza wa mwana umasankhidwa pa lichero ndi maso, umodziumodzi. Wofota, wakuda, wosweka kale, wowawa, wa ufa wobiriwira, zonsezo kunja. Nsinjiro yogula yosinjasinja pa msika sumadziwa kuti anasinja mtedza wotani, ndipo nthawi zambiri wotsala posankha ndi umene umathera mu mtondo. Gulani wamphumphu, wa makoko ngati ulipo, mukasende nokha.

Nesi Nyakaunda: Agogo anena mfundo yaikulu. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Kuphika sikumupha, kukazinganso ayi. Apa ndi pamene mawu oti za pakhomo ndi zachilengedwe amanamiza anthu. Phala la chimanga chovunda ndi lachilengedwe ndithu, koma ndi loopsa kuposa chilichonse cha pa shelefu.

Mayi a Tawonga: Nanga phala lolimbalo mwana wa miyezi 6 ameza bwanji? N'chifukwa chake anthu amathira madzi.

Mlangizi Nyamsiska: Poyamba n'zoona amavutika, akuphunzira kusuntha chakudya ndi lilime, koma pakapita masiku ochepa amazolowera. Ngati akukanabe pali njira ya chimera, chomwechi cha thobwa, cha mawere kapena cha chimanga. Phikani phala lolimba ndithu, phulani, lizizire pang'ono kufika poti likadali lotentha koma silikubwata. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa chimera, takasani, dikirani mphindi 5 mpaka 10. Muona phala lafewa lokha popanda kuthira dontho la madzi, chifukwa chimera chimaphwanya sitachi. Mphamvu zonse zili momwemo. Mukatero libwezereni pamoto libwatenso mphindi zingapo, chifukwa chimera chimayanikidwa panja ndipo chimatha kukhala ndi tizilombo. Mukathira chimera phala likubwata sichigwira ntchito, moto umachipha.

Nyachirwa: A nesi, tipatseni miyezo ya zaka, anthu asunge.

Nesi Nyakaunda: Kapu yomwe ndikunena ndi ya mamililita 250. Pa miyezi 6 yambani ndi masupuni akuluakulu awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku. Miyezi 6 mpaka 8, kawiri kapena katatu pa tsiku, kukwera pang'onopang'ono kufika theka la kapu. Miyezi 9 mpaka 11, katatu kapena kanayi, theka la kapu kapena kupitirirako, ndi kachakudya kapakati kamodzi kapena kawiri monga nthochi, papaya kapena mbatata yophika. Miyezi 12 mpaka 23, katatu kapena kanayi, kuyandikira kapu yodzaza, zakudya za banja lonse zodulidula. Bere likupitirira mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, ndipo mayi wogwira ntchito ayamwitse m'mawa asananyamuke, akangofika, ndi usiku.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amene akuyamwa amafuna ma calorie (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 200 okha pa tsiku kuchokera ku chakudya, wa miyezi 9 mpaka 11 pafupifupi 300, wa chaka kupita m'tsogolo pafupifupi 550. Supuni yaing'ono ya mafuta yokha ili ndi pafupifupi 40, ndiye muone mmene kasupuni kamodzi kamasinthira mbale. Pa magulu asanu ndi limodzi aja, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, lomwe limasowa kawirikawiri ndi la zanyama. Likhalepo tsiku lililonse, ngakhale kochepa.

Bambo a Wongani: Funso la kasungidwe, chifukwa apa ndi pamene mayi wogwira ntchito amapanikizika. Ambiri amaphika 5 koloko m'mawa n'kuthira mu fulasiki kuti mwana adye 10 koloko ndi 2 koloko.

Nyagondwe: Fulasiki ndi yabwino pokhapokha phala likatuluka likufuka nthunzi. Tizilombo timaswana kwambiri m'chakudya chofunda, chosatentha chosazizira, ndipo fulasiki yakale imasunga phala pa kufunda komweko. Ngati mugwiritsa ntchito, itsukeni ndi madzi obwata kaye, thirani phala likadali lobwata, ndipo likhale la chakudya chimodzi cha m'mawa womwewo. La masana womulera aphike lina. N'chifukwa chake ufa wokonzeratu uja ndi wofunika: mumuyezere m'timabotolo, supuni zitatu apa, nsinjiro apa, dzira ili, iye angophika.

Lamulo lake ndi maola awiri. Chakudya chophika chikakhala panja kupitirira maola awiri, chitenthetsedwe mpaka kubwata chisanafike kwa mwana, ndipo kutenthetsako ndi kamodzi kokha. Kuzizira kwa June kuno kusatinamize kuti khitchini yasanduka firiji. Amene muli ndi firiji, mbatata yofiira mkati, maungu, nyemba zosenda makoko ndi nkhuku yosinja zimasungika tsiku limodzi kapena awiri m'chotengera chotseka, kapena muziumitse m'timagawo ting'onoting'ono mufiriza. Koma magetsi akazima nthawi yaitali n'kupeza zasungunuka ndipo sizikuziziranso, musaziumitsenso, ndipo mwana asadye.

Apa ndi pomwe phala la m'paketi limapambana poyera. Ufa wouma suwola ndi kuzima kwa magetsi. Madzi owiritsa, mbale yoyera, supuni yoyera, manja osamba ndi sopo, basi. Pakati pa phala la pakhomo lomwe lakhala maola sikisi mu fulasiki yofunda ndi la m'paketi losakaniza pompo, loteteza mwana ku kutsekula m'mimba ndi lachiwirilo. Paketi ikatsegulidwa itsekedwe bwino, ikhale pouma, ndipo ithe mkati mwa masiku amene alemba, kawirikawiri milungu inayi.

Mayi a Chimwemwe: Nanga timabotolo ta Purity ndi timapaketi tofinya tija?

Nesi Nyakaunda: N'zaukhondo zikakhala zosatsegula, ndipo pa ulendo zimathandiza. Kanikizani pakati pa chivindikiro musanagule: chikamadumpha ndiye kuti mpweya unalowa, siyani. Potsegula chimveke kuti pho. Musadyetse mwana kuchokera m'botolo momwemo ngati samaliza, tapani za kudya pano muike m'mbale, zotsala mufiriji ndipo zithe monga alembera, kawirikawiri tsiku limodzi kapena awiri. Opanda firiji agule kakang'ono koti kathe kamodzi.

Koma tisazipatse ulemu woposa. Zambiri ndi zipatso zogaya, maapozi, mapeyala achizungu, nthochi. Muli shuga wa zipatso ndi madzi, ayironi ndi mapuloteni zochepa kwambiri. Kabotolo ka zipatso si chakudya cha masana, ndi kachakudya kapakati. Ndipo kunena zoona, mu mzinda umene nthochi za ku Nkhata Bay ndi mapeyala zili mbwee pa msika, kugula nthochi ya m'botolo yochokera ku South Africa ndi kutaya ndalama. Nthochi imabwera ndi paketi yakeyake, foloko imodzi yakwana, moto osayatsa.

Vuto lina ndi kusalala. Mwana akamangodya zosalala mpaka chaka, amadzakana chilichonse cha mibulu, amachita ngati asanza. Pofika miyezi 8 kapena 9 azilandira zonyenya ndi foloko komanso tizidutswa tofewa togwira yekha. Timapaketi tofinya musamupatse kuti aziyamwa, finyirani pa supuni. Akamayamwa saphunzira kutafuna, ndipo shuga amakhalitsa pa mano.

Agogo a Vitumbiko: Ine ndidzudzule za pakhomo zomwe, poti ndife timanyadira. Kudyetsa mwana nsima ndi msuzi wokha si kudyetsa. Nyama ndi nsomba zimathera m'mbale ya abambo, mwana n'kupatsidwa madzi amchere ofiira ndi tomato. Thanzi lili mu mnofu, osati mu msuzi. Nyenyani nsombayo, fufuzani minga ndi zala, sakanizani ndi nsima yofewa. Kwa ife okonda kondowole, chinangwa chimakhutitsa koma chomanga thupi muli chochepa kwambiri, ndiye mwana wa kondowole asasowe usipa, nyemba kapena dzira. Ndipo mwana akhale ndi kambale kake. Pa mbale ya onse sungadziwe kuti wadya zingati.

Mlangizi Nyamsiska: Ufa wa usipa umene ndinatchula: gulani usipa wouma bwino wosanunkha, petani, tsukani msanga kuchotsa mchenga, umitsani pa chiwaya pa moto wochepa mpaka ukhale wothetheka, sinjani ndi mitu yomwe, sefani kawiri ndi sefa yaing'ono maso. Mitu ndi mafupa ndiwo ali ndi kashiamu, musadule. Sungani m'botolo louma lotseka, pangani wa sabata imodzi. Uthireni phala likadali pamoto kuti upse. Bonya amachitanso chimodzimodzi. Chiwindi cha nkhuku chophika bwino n'kusinja, supuni imodzi kamodzi pa sabata, chili ndi ayironi wambiri, koma osati tsiku ndi tsiku chifukwa vitamini A wake ndi wochuluka.

Nesi Nyakaunda: Poti tikukamba zolakwika zenizeni, izi ndizo ndingafune kuti kholo lizide nkhawa nazo, kaya limagula kaya limaphika. Uchi ayi mpaka mwana akwanitse chaka, ngakhale ukhale weniweni wa ku Nyika, ngakhale kapang'ono ka chifuwa, chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa ofoola thupi otchedwa botulism, timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Tiyi ayi, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndipo m'malo mwake mupatseni chipatso pambuyo pa chakudya, vitamini C amathandiza ayironi. Mchere musathire m'chakudya cha wosakwana chaka, impso zake n'zanthete, choncho patulani gawo lake musanathire mchere ndi zokometsera za m'mapaketi mu ndiwo. Mtedza wamphumphu, chimanga chokazinga, mbuliwuli ndi maswiti zimatsamwitsa. Ndipo kamba, majigi, mafirizesi, Sobo ndi maheu otsekemera si zakudya za mwana. Zodabwitsa n'zakuti amene amanyoza Cerelac saona vuto mwana wa miyezi 10 atagwira paketi ya kamba pa minibasi. Za m'sitolo zoyenera kuchita nazo manyazi ndi zimenezo.

Mayi a Tawonga: Apa ndagonja pang'ono. Komabe ndikuona kuti makampani amapezerapo mwayi. Mayi wosauka amaona ngati mwana wake akumanidwa chifukwa sangagule bokosi, pamene mgaiwa wa soya ndi usipa ndi wokwanira.

Bambo a Wongani: Pamenepo tikugwirizana, ndipo kudziimba mlanduku kuli mbali zonse ziwiri. Wogula akudandaula kuti saphika, wophika akudandaula kuti sagula. Malamulo a WHO oletsa kutsatsa mkaka wa m'chitini mwachinyengo analipo kuyambira 1981 pa chifukwa chomwecho. Koma tikumbukenso kuti lamulo la ntchito m'dziko muno limapereka tchuthi cha uchembere cha milungu 8, pamene kuyamwitsa mwakathithi ndi miyezi 6. Wogulitsa pa msika wa Zigwagwa alibe ndi tchuthi chomwe. Mpata umenewo sanaupange ndi mayi. Ndipo abambo anzanga, kusankha mtedza, kupita kuchigayo ndi kutakasa phala mphindi 15 sikufuna bere. Amene akufuna mwana wake adye za pa mbaula ayatse mbaulayo.

Nyachirwa: Nanga apongozi tiwayankhe chiyani popanda mwano?

Agogo a Vitumbiko: Musawayankhe, apatseni ntchito. Auzeni kuti amayi, mdzukulu wanu akufuna ufa wa soya ndi chimera, inu ndi amene mumadziwa. Munthu amene wakonza ufa sanyozanso mbale. Ndipo apiteko ku sikelo tsiku lina akaone okha.

Nesi Nyakaunda: Sikelo ndiye woweruza. Mwezi ndi mwezi, kaya ku Mapale, ku St John's kapena kumene alangizi a zaumoyo amayezera m'dera lanu, onani mzere m'buku la mwana. Ukamakwera motsata mizere yojambulidwayo, chimene mukuchita chikugwira. Ukagona miyezi iwiri yotsatana kapena kutsika, fotokozani kwa a zaumoyo zomwe mwana amadya, kangati, ndi kulimba kwake, osabisa kuti ndi za m'paketi. Lamba woyeza pa mkono akafika pa chikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, mwana akufuna thandizo, ndipo pofiira, kutsika 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, ndi za tsiku lomwelo. Chiponde chimene amapereka kumeneko ndi mankhwala a mwana wonyentchera, si chogula pa msika n'kumapaka pa buledi. Vitamini A alandire miyezi 6 iliyonse kuyambira pa miyezi 6, mankhwala a njoka kuyambira chaka.

Chimodzi chomwe sindingachepetse: phala lililonse, la m'sitolo kapena la pakhomo, lisayambe mwana asanakwane miyezi 6 chabe chifukwa akulira usiku kapena mayi wabwerera ku ntchito. Mayi afinye mkaka m'kapu yoyera yovindikira, womulera amwetse ndi kapu. Ngati pafunika wa m'chitini, madzi abwate, azizire osapitirira mphindi 30, madzi ayambe kulowa kenako ufa, kasupuni kake kosadzaza mulu, ndipo wotsala pakatha maola awiri utayidwe.

Mayi a Chimwemwe: Lomaliza kwa ine. Mwana wazolowera kale Cerelac, la mgaiwa akulavula. Abwerera bwanji?

Mlangizi Nyamsiska: Musasinthe tsiku limodzi, ndipo musamutsine mphuno kuti ameze. Phikani la mgaiwa wosefa bwino kuti lisakhale la mibulu, lizizire kufika pofunda, kenako sakanizani magawo atatu a lomwe analizolowera ndi gawo limodzi la latsopanoli. Pakatha masiku atatu pangani theka ndi theka, kenako latsopano lichuluke. Kutsekemera kuchokere ku nthochi yakupsa kwambiri kapena mbatata yofiira mkati, osati shuga. Mupatseni ali ndi njala pang'ono, atakhala tsonga, osati atangoyamwa kumene kapena ali ndi tulo. Usipa muyambe ndi kansonga ka supuni chifukwa fungo lake ndi lamphamvu. Mwana amatha kukana chakudya chatsopano maulendo 8 kapena 10 asanachilandire, ndiye kulavula kwa masiku awiri si yankho lomaliza. Dzira ndi nsinjiro muziyambe masiku osiyana, kuti akatuluka ziwengo mudziwe chachititsa n'chiti. Akatupa milomo kapena kubanika, thamangirani kuchipatala.

Nyagondwe: Ndipo womulera mumuonetse kamodzi ndi maso kulimba kwa phala pa supuni. Mukangomuuza pakamwa, mawa lomwe libwerera kukhala lamadzi chifukwa ndi limene limatha msanga.

Nyachirwa: A Nyamsiska, anthu atatu afunsa kumbali ngati nyemba kapena nandolo zingalowe m'malo mwa soya pa muyezo wa 4 kwa 1 uja.

Mlangizi Nyamsiska: Zingalowe, muyezo womwewo, koma zikazingidwe kaye ndi kuchotsa makoko musanagayitse, ndipo phala lake libwate mphindi 20 kapena kupitirira chifukwa nyemba zosapsa zimapweteka m'mimba. Zilibe mafuta ngati soya, ndiye supuni ya mafuta kapena nsinjiro ija isaiwalike.